Simoni wa Nkhope Yofiira ndi Ayuda Atatu a ku Augsburg

Simoni ndi chilombo chosavuta kuchizindikira. Nkhope yake ndi yofiira psuu, ngati ya mzungu amene dzuwa la Okutobala lamuwamba, ndipo amavala jekete ndi buluku zansanza, n'kumayenda monyang'wa ngati bwana woyendera ntchito. Dzina limeneli ndi la Simoni Petro, mtumwi uja amajambulidwa ndi makiyi m'manja. Mnzake ndi Maliya, wa nkhope yosalala ndi mpango kumutu, amene amavina mofatsa pafupi ndi amayi oimba. Yosefe nayenso alipo. Zilombo zimenezi zidayamba kuoneka ku Malawi pamene amishoni ndi gule wamkulu adali pa mkangano woopsa, ndipo gule adawoloka Zambezi pamodzi ndi agogo athu obwera kudzagwira ntchito m'migodi ndi m'mapulazi a Southern Rhodesia. Kuno ku Bindura anzathu olankhula Chishona amangoti zonsezo ndi zvigure. Za kudambwe si zokamba m'nkhani ngati ino. Ndingokamba zimene mwana aliyense amaona pabwalo.

Funso limene ndakhala nalo ndi lakuti, kodi msodzi wa ku Galileya adasanduka bwanji mzungu wopsa ndi dzuwa? Yankho lodziwika ndi limene Matthew Schoffeleers ndi Ian Linden adalemba mu 1972, lakuti gule ankalimbana ndi mishoni za Chikatolika, ndipo kuseka oyera a mpingo idali imodzi mwa nthungo zake. Yankho limeneli ndi loona. Koma ine ntchito yanga ndi yomasulira mawu, ndipo womasulira amayamba wafunsa kuti chimene mnzake ankamasuliracho chidamufika chili motani. Simoni Petro adafika kwa Achewa ali kale mzungu, pachithunzi. Tsono kuti timvetse nkhope yofiirayo tiyenera kupita kwa anthu amene adayamba kuchulukitsa zithunzi za m'Baibulo ngati mbewu, Ajeremani a zaka za m'ma 1400 ndi kuchiyambi kwa 1500.

Luso lawo lidali la mmisiri wosema. Ankatenga thabwa losalala, kawirikawiri la mtengo wa zipatso wotchedwa pear (si mapeyala athu aja a nyama yobiriwira), n'kujambulapo chithunzi. Kenaka wina ankagoba ndi kampeni paliponse popanda mzere, kusiya mizere yokha itatukuka. Akapaka inki n'kukanikizapo pepala, chithunzi chinkatuluka chotembenuka, dzanja lamanja litasanduka lamanzere. Thabwa limodzi linkabala mapepala mazanamazana. Ena ankazokota pamkuwa, ndipo ambiri mwa amenewa adaphunzira kaye ntchito yosula golide. Mapepala nawo adayamba kupezeka, pakuti Ulman Stromer adatsegula chigayo chopangira mapepala ku Nuremberg mu 1390. Kale munthu wofuna kuona Davide ankayenera kupita kutchalitchi kukayang'ana pakhoma kapena pazenera. Tsopano ankatha kumugula pamsika, kupita naye kunyumba n'kumumata mkati mwa chivindikiro cha bokosi la zovala. Johannes Gutenberg atasindikiza Baibulo lake ku Mainz cha m'ma 1455, sipadapite nthawi kuti zithunzi zilowe m'mabuku: Günther Zainer adatulutsa Baibulo la Chijeremani lokhala ndi zithunzi ku Augsburg cha m'ma 1475, ndipo Anton Koberger adatulutsa lake ku Nuremberg mu 1483.

Mukayang'ana zithunzi zimenezi, chinthu choyamba kukugwirani maso ndi zovala. Yoswa wavala chitsulo kuyambira kumutu mpaka kuphazi ngati msilikali wa mfumu ya ku Germany. Mizinda ya Kanani ili ndi nsanja zosongoka ndi madenga otsetsereka omangira chipale chofewa. Albrecht Dürer, cha m'ma 1497 kapena 1498, adajambula Samsoni atakwera mkango pamsana, akuung'amba kukamwa ndi manja onse awiri, ndipo kumbuyo kwake kuli phiri lokhala ndi linga la miyala longa la kwawo kwa Dürer. Thabwa lenilenilo lidakalipo mpaka lero ku Metropolitan Museum ku New York, mizere yake idakali yotukuka. Ndimachikonda chithunzi chimenechi. Tsitsi la Samsoni, manyenje a mkango ndi masamba a mitengo zonse zapotana mofanana, moti maso amavutika kupeza pamene munthu wathera ndi pamene chilombo chayambira.

Amisiriwa sankada nkhawa ndi funso lakuti Yoswa ankaoneka bwanji. Buku lalikulu la mbiri ya dziko limene Hartmann Schedel adalemba, Koberger n'kulisindikiza mu 1493, lili ndi zithunzi 1,809, koma matabwa amene adasemedwa adali 645 okha. Nkhope imodzi inkagwira ntchito ya mafumu angapo. Ankangosintha dzina pamwamba. Chithunzi chimodzi cha mzinda chidaimira Damasiko patsamba lina, n'kuimiranso Mantua wa ku Italy patsamba lina. Owerenga sadadandaule. Kwa iwo mfumu idali chisoti ndi ndodo, mzinda udali linga ndi chipata, ndipo dzina ndilo linkamaliza ntchito. Aliyense amene adaonerapo gule akuidziwa nzeru imeneyi: chilombo chimadziwika ndi nkhope, nyimbo yake ndi kavinidwe kake.

Pa zithunzi zonsezi, zimene zandigwira kwambiri ndi za Hans Burgkmair wa ku Augsburg, za m'zaka za 1516 mpaka 1519. Ku Ulaya kudali mndandanda wotchuka wa ngwazi zisanu ndi zinayi, umene udayamba m'ndakatulo ya Chifalansa ya Jacques de Longuyon cha m'ma 1312. Ngwazi zitatu zidali zachikunja: Hector, Alexander ndi Julius Caesar. Zitatu zidali zachikhristu: Arthur, Charlemagne ndi Godfrey wa ku Bouillon. Zitatu zidali Ayuda: Yoswa, Davide ndi Yudasi Makabeo. Burgkmair adawonjezapo akazi asanu ndi anayi, ndipo kumbali ya Ayuda adasankha Estere, Yuditi ndi Yaeli, uja adakhomera Sisera chichiri cha hema m'mutu. Pepala lililonse lidali ndi anthu atatu oimirira, ndipo pamwamba pa pepala la Yoswa ndi anzake padalembedwa kuti awa ndi Ayuda atatu abwino.

Ngwazi iliyonse idapatsidwa chishango chokhala ndi chizindikiro cha banja. Ku Germany wa nthawi imeneyo munthu wolemekezeka ankadziwika ndi chizindikiro chotere, monga ife timadziwikira ndi mfunda. Wopanda chizindikiro adali munthu wamba. Tsono popeza Davide sadasiye chizindikiro chilichonse, akatswiri a zimenezi adamupekera: kawirikawiri ankamujambulira zeze pachishango. Kunena mwa kwathu, adamupatsa mfunda kuti athe kukhala pamphasa imodzi ndi Charlemagne.

Chimene pepalalo silinena ndi chakuti mu Augsburg mmene Burgkmair ankajambula Ayuda abwinowo mudalibe mudzi wa Ayuda. Akuluakulu a mzindawo adagamula mu 1438 kuti Ayuda onse achoke, ndipo pofika 1440 adali atapita. Miyala ya pamanda awo idatengedwa kukamangira nyumba ya khonsolo. Ku Nuremberg nkhani yake ndi yowawa koposa. Pamsika waukulu wa mzindawo pali chitsime chokongola chotchedwa Schöner Brunnen, chomangidwa pakati pa 1385 ndi 1396, ndipo pa ziboliboli zake pali ngwazi zisanu ndi zinayi zija, pamodzi ndi Mose ndi aneneri. Msikawo udamangidwa pamene padali nyumba za Ayuda, zimene zidagwetsedwa mu 1349 pamene anthu 562 adaphedwa. Pamalo pa sunagoge padamangidwa tchalitchi cha Maria. Ayuda amene adabwereranso pambuyo pake adathamangitsidwa mu 1499, inki ya Samsoni wa Dürer isadaume bwino. M'buku la Schedel lija, limene lili ndi Abrahamu, Mose ndi Davide ovala bwino, mulinso chithunzi cha Ayuda akutenthedwa pamoto, ndipo thabwa lakenso adalidinda kangapo.

Apa ndi pamene ndimaima nthawi yaitali. Kuveka Yoswa zovala za kwanu si mlandu. Womasulira aliyense amachita zimenezi, ndipo amene adatipatsa Buku Lopatulika adamupatsa Davide zeze, chida chathu. Koma Ajeremani amenewa adatenga agogo a anzawo, kuwasambitsa, kuwapatsa mfunda, kuwaimika pamsika, adzukulu awo enieni n'kuwatulutsa pachipata. Mawu akuti Ayuda abwino ankatanthauza Ayuda amene adafa kalekale.

Burgkmair yemweyo adatijambulanso ife, kapena anansi athu. Mu 1505 amalonda a ku Augsburg, a banja la Welser ndi ena, adaika ndalama zawo pa ulendo wa zombo za Apwitikizi wotsogozedwa ndi Francisco de Almeida, umene udafunkha Kilwa ndi Mombasa. Wantchito wawo Balthasar Springer adalemba zimene adaona, ndipo mu 1508 Burgkmair adasema zithunzi za anthu a ku Guinea, a kumwera kwa Africa, a ku Arabia ndi a ku India. Adazijambula mosamala, ndipo anthuwo ndi anthu ndithu, amayi ndi ana awo, abambo ndi nthungo zawo. Koma pamwamba pawo pali dzina la dera basi, palibe dzina la munthu, palibe chishango cha banja. M'chaka chomwecho cha 1505 Apwitikizi adayamba kumanga linga ku Sofala pofuna golide wa Mwene Mutapa, golide wa dziko lomwe lino limene Bindura akukumbabe. Pambuyo pake ena mwa iwo adayamba kunena kuti phiri la Fura, limene lero likutchedwa Mount Darwin, kumpoto kwathu kuno, ndilo Ofiri kumene Solomoni ankatenga golide wake. Mjeremani wina, Karl Mauch, atafika ku Great Zimbabwe mu 1871 adati mabwinjawo ndi a mfumukazi ya ku Seba. Ngwazi za m'Baibulo zidagwiranso ntchito ija: kulanda eni ake mbiri yawo.

Mapepala a Burgkmair sindiwo adafika m'midzi ya Achewa. Adafika ndi adzukulu awo. M'zaka za m'ma 1800 ojambula a ku Germany adabwerera dala ku luso la Dürer, ndipo Julius Schnorr von Carolsfeld adamaliza mu 1860 buku la zithunzi 240 za m'Baibulo zosema pathabwa, limene lidakoperedwa m'maiko ambiri. Zithunzi za mtundu umenewu ndizo amishoni ankanyamula, zina papepala, zina pagalasi loonetsa ndi nyali. David Livingstone adafotokoza mmene mu 1854 adaonetsera anthu a mfumu Shinde ya Alunda chithunzi cha Abrahamu atasamula mpeni pa Isake. Atasuntha galasilo, amayi adathawa poganiza kuti mpeniwo ukubwera kwa iwo. Pofika nthawi imeneyi zovala zachitsulo zidali zitavulidwa, ngwazi zitavekedwa mikanjo yooneka ngati ya kum'mawa, ndipo chithunzi chinkabwera ngati umboni wa mmene zidalili. Chimene chidatsalira cha ku Ulaya idali nkhope. Mjeremani wa mu 1500 ankadziwa kuti Yoswa wavala za mnansi wake. Mwana wa sukulu ya mishoni sadauzidwe kuti nkhope ya Petro ndi yobwereka.

Ansembe a White Fathers adafika ku Mua, m'munsi mwa mapiri a Dedza, mu 1902. Mkangano wawo ndi gule udali wa zinthu zogwirika: anyamata apite kusukulu kapena kudambwe, maliro aikidwe ndi ndani, mfumu ya mudzi imvere yani. M'zaka za m'ma 1920 zinthu zidafika poipa, mpaka nkhani zake zinkafika kwa abwanamkubwa. Ian Linden adalemba mbiri imeneyi m'buku lake la 1974 lonena za Akatolika ndi Achewa ku Nyasaland. Ndi m'nyengo yotere mmene Simoni, Maliya ndi Yosefe adatulukira pabwalo.

Gule ali ndi chizolowezi chake chakale. Chilichonse chimene chabwera ndi mphamvu m'dziko amachitenga n'kuchivinitsa: Mngoni ndi chishango chake, wogula akapolo, msilikali, mzungu wa msonkho, galimoto, ngakhale ndege. Petro adafika ndi nkhope ya mzungu, m'manja mwa mzungu, kudzalamula za maliro ndi ukwati, ndiye gule adamuwerenga monga adalembedwera. Nkhope yofiira ija ndi kumasulira kokhulupirika kwa chithunzi chimene adalandira. Sindikufuna kuyeretsa gule mopitirira. Simoni ndi chitonzo, ndipo adapangidwa kuti chiwawe. Mkatolika woona Maliya akuvina pabwalo la maliro ali ndi chifukwa chomvera kupweteka, ndipo ana a sukulu ambiri adathamangitsidwapo ndi zikwapu. Komabe taonani kumene mlendoyo adaikidwa. Zilombo za gule zimabwera m'dzina la mizimu, kudzaperekeza wakufa ndi kudzalangiza amoyo. Kuika Simoni pakati pawo ndi kumupatsa malo pa mwambo waukulu koposa wa mudzi. Adamusiyira nkhope yake yachilendo, sadamupekere mfunda, koma ng'oma yake imalira pabwalo lomwelo limene Chadzunda ndi Kasiyamaliro amavinapo. Maliya m'madera ambiri adafika pokondedwa, nakhala chitsanzo cha mayi wofatsa.

Kuno ku Zimbabwe nkhaniyi idapindikanso, chifukwa alendo tidali ife. Tauni ino idayamba ngati mgodi wa golide wotchedwa Kimberley Reefs, n'kutenga dzina la Bindura mu 1913 njanji itafika. Amuna a ku Nyasaland ndi a ku Tete ankabwera wapansi, ena pambuyo pake pa malole a Ulere kapena kudzera kwa Mthandizi. Ku Shamva, pafupi pomwepa, anthu a ku Nyasaland adali patsogolo pa sitalaka yaikulu ya pamgodi ya mu 1927. Mgodi wa Trojan utatsegulidwa m'zaka za m'ma 1960 makomboni adadzazanso ndi Chinyanja. Mpingo udatsatira anthu ake: mbusa T.C.B. Vlok wa mishoni ya Dutch Reformed adasamukira ku Salisbury mu 1912 kudzatumikira anthu a ku Nyasaland, ndipo mbewu imeneyo ndiyo idabala Sinodi ya Harare ya CCAP. Buku Lopatulika la William Murray ndi anzake litatuluka mu 1922 lidayenda m'mitolo ya amatchona. Mmenemo mudalibe Yudasi Makabeo ndi Yuditi, popeza mabuku awo ali m'Baibulo la Akatolika koma osati m'limeneli, moti pa Ayuda asanu ndi mmodzi a Burgkmair, agogo a ku CCAP akadazindikira anayi. Koma anayiwo adawadziwa ndi khutu, asadaone chithunzi, ndipo adawatenga njira ina: adatcha ana awo maina amenewo. Pitani pamanda a komboni iliyonse muwerenge mitanda. Dzina loyamba ndi Davide, Estere, Yoswa, Samsoni. Lachiwiri ndi Phiri, Banda, Mwale, Mbewe. Kumeneko ndiko ngwazi zija zidalandira mfunda weniweni.

Pakomboni Lamlungu linkagawika pawiri, m'mawa nyimbo za mpingo, madzulo ng'oma. Ndipo ndikhulupirira kuti munthu amene wakhala sabata yonse pansi pa nthaka akutukwanidwa ndi kapitawo wachizungu sankafuna womuuza kuti nkhope yofiira yonyang'wayo ndi ya yani.

Chifukwa chake nkhani ya Augsburg imandikhudza ndili ku Chipadze. Zvigure ndi zokondedwa m'dziko muno pa tsiku la chikondwerero. Zimaitanidwa kumisonkhano ya ndale ndi kuzionetsero, anthu n'kujambula ndi mafoni. Eni gule ndiwo akhala akutchedwa mabhurandaya, kuchokera ku dzina la Blantyre, ngakhale amene sadauonepo mzindawo. Robert Mugabe adanyozapo poyera anthu a ku Mbare kuti ndi opanda mutupo, kutanthauza opanda mfunda, ochokera kunja. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, anthu ambiri obadwira konkuno adapezeka kuti si nzika, zitupa zawo zili ndi chilembo cha mlendo, ndipo sadathe kuvota. Ambiri adali atangotaya kumene nyumba ndi ntchito m'mapulazi olandidwa. Sindikufanizira zimenezi ndi moto wa ku Nuremberg, kukula kwake n'kosiyana kutalitali. Chofanana ndi kachitidwe kokonda chithunzi cha munthu kuposa munthuyo. Malamulo aakulu a dziko a 2013 adakonza zina: adabwezera unzika obadwira muno amene kholo lawo lidachokera m'maiko a SADC, ndipo pa zilankhulo 16 zovomerezeka Chichewa ndicho choyamba pamndandanda, ngakhale kuti ulemu umenewo tidaupeza chifukwa cha alifabeti. UNESCO italengeza gule wamkulu kukhala chuma cha dziko lonse mu 2005, idatchula Malawi, Mozambique ndi Zambia. Gule wa ku Trojan, ku Shamva ndi ku Mbare sali pa kalata imeneyo.

Ku Mua komwe kudayambira mkangano kudachitika china. Wansembe wa ku Canada, Claude Boucher, adayambitsa malo a zaluso a Kungoni mu 1976, ndipo anthu a kumeneko adamupatsa mfunda wa Chisale. Nyumba yosungira zakale ya Chamare pamishonipo ili ndi nkhope za gule zoposa 400, pabwalo lomwelo pamene ansembe akale ankakaniza ubatizo aliyense wokhudzana ndi gule. Pali Achewa amene sakondwa kuti zimenezi zili poonekera, ndipo madandaulo awo ndi omveka. Amisiri a ku Kungoni amasema anthu a m'Baibulo ndi nkhope za Achewa, Angoni ndi Ayao, Maria ali ndi mwana kumbuyo, atumwi ali ndi maukonde onga a ku Nyanja ya Malawi. Akuchita zimene Dürer adachita, ndi mpeni ndi thabwa ngati iyeyo. Ntchito yawo ina idakwera chombo kupita ku Germany: kachisi wa m'nyumba ya bungwe la Akatolika la Missio ku Munich adakongoletsedwa ndi zosema za amisiri a ku Mua. Kuchokera pamenepo kukafika ku Augsburg ndi ulendo wosakwana ola limodzi pasitima.